Mmene mungayendere dziko la Iceland m'nyengo yozizira

Iceland ndi chilumba chimene chili kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, m'malire mwa dera la Arctic, ndipo anthu ake sakwana 400,000, ambiri mwa iwo okhala mumzinda wa Reykjavík ndi m'matauni ouzungulira. Chilumbachi chili pamalo pamene zigawo ziwiri zikuluzikulu za nthaka ya dziko lapansi, cha North America ndi cha Eurasia, zikutalikirana ndi masentimita pafupifupi 2 chaka chilichonse, n'chifukwa chake kuli mapiri ophulika, akasupe a madzi otentha ndi zivomezi za kawirikawiri. Amene amapitako pakati pa Novembala ndi Malichi amafuna kukaona kuwala kwamitundumitundu kooneka kumwamba usiku kotchedwa aurora, mapanga a ayezi ndi mathithi oundana. Ulendo wotere ndi wotheka ndithu ngakhale kwa munthu amene sanaonepo chipale chofewa chibadwire, bola avomereze kuyambira pachiyambi kuti m'miyezi imeneyi mphepo ndi kuchepa kwa maola a dzuwa ndizo zimalamula ulendo, ndipo ndandanda imene walemba ali kwawo iyenera kugonjera zimenezo.

1. Sankhani mwezi poyang'ana maola a dzuwa

Pa 21 Disembala dzuwa limatuluka ku Reykjavík cha m'ma 11:20 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana, kutanthauza kuti usana ndi wa maola 4 okha, kuphatikizapo kachisisira ka pafupifupi ola limodzi dzuwa lisanatuluke ndi litangolowa. Pofika kumapeto kwa Febuluwale usana umakhala utafika maola 10, ndipo cha pa 20 Malichi umafanana ndi usiku. Kwa munthu wopita koyamba ine ndingasankhe Febuluwale kapena Malichi, chifukwa mdima woonera aurora umakhala ukadalipo, mapanga a ayezi amakhala akadali otsegula, komanso mumatha kuyenda mtunda wautali kukuwala. Disembala ali ndi kukoma kwake, makamaka usiku wolowera chaka chatsopano pamene mzinda wonse umaphulitsa makombola, koma mitengo ya malo ogona imakwera ndipo masitolo ambiri amatseka kuyambira masana a pa 24 Disembala mpaka Khirisimasi itadutsa.

Kuzizira kwake sikoopsa monga mmene dzina la dzikolo lingakuganiziritseni. Madzi ofunda a m'nyanja ochokera kum'mwera amachititsa kuti mu Januwale mzinda wa Reykjavík uzikhala cha pa madigiri 0, ngakhale kuti kumpoto ndi mkatikati mwa chilumbacho kumatsika mpaka madigiri 10 pansi pa 0 kapena kupitirira apo. Vuto la kuzizira kosewera pa 0 ndi lakuti chipale chofewa chimagwa lero, mawa mvula n'kuchisungunula, usiku wake madziwo n'kuundana, ndipo misewu ndi tinjira ta oyenda pansi timaterera koopsa.

2. Konzani zikalata nthawi ikadalipo

Iceland ili m'gulu la maiko a Schengen, maiko a ku Ulaya amene amalowedwa ndi viza imodzi, choncho munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, ngakhale atakhala kuti akukhala ku Johannesburg kapena ku London. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa ndipo ikhale yogwirabe ntchito kwa miyezi 3 kuchokera tsiku limene mudzatuluke m'dera la Schengen. Mudzafunikanso umboni wa malo ogona, wa ndege yopita ndi yobwerera, wa ndalama za kubanki, ndi inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Pempho la viza limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo palibe chifukwa chodikira mpaka masabata omaliza. Iceland ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe chifukwa cha ubale wa zachitukuko umene unayamba mu 1989 ndipo umaoneka kwambiri m'boma la Mangochi, koma m'maiko ambiri dzikolo limasiya ntchito ya maviza m'manja mwa akazembe a maiko ena a Schengen, choncho yambani mwafunsa kumene pempho lanu liyenera kukaperekedwa.

Powerenga inshuwalansi, onetsetsani kuti ikuteteza kuyenda pamwamba pa madzi oundana a m'mapiri ndi kulowa m'mapanga, chifukwa makampani ena amaziika zimenezi m'gulu la masewera oopsa ndipo salipira ngozi ikachitika.

3. Gulani matikiti osiya mpata

Palibe ndege yochoka ku Malawi kupita ku Iceland mwachindunji. Mumadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kenako mzinda wina wa ku Ulaya monga Amsterdam, Frankfurt, Copenhagen kapena London, n'kukatera pabwalo la Keflavík, limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Reykjavík. Ngati mukudzera ku London, fufuzani kaye za viza yongodutsa, popeza Britain sali m'gulu la Schengen. Siyani maola ochuluka pakati pa ndege ndi ndege, makamaka pobwerera, chifukwa mphepo ikakula ku Keflavík ndege zimachedwa kapena kuimitsidwa kumene. Nthawi ya ku Iceland ili m'mbuyo ndi maola 2 poyerekeza ndi ya ku Malawi, chaka chonse.

Ndalama yawo ndi króna, koma simufunika kunyamula yambiri m'thumba, chifukwa khadi la kubanki limagwira ntchito paliponse. Dziwitsani banki yanu za ulendowu ndipo kumbukirani nambala yachinsinsi ya khadilo, popeza mapampu ambiri a mafuta alibe munthu wothira ndipo amafuna nambalayo. Tenganinso adaputala, chifukwa masoketi awo ndi a timabowo tiwiri tozungulira.

4. Valani mosanjikiza

Chovala chimodzi chokhuthala sichithandiza mofanana ndi zovala zitatu zosanjikizana. Chapakhungu chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu youma msanga, malaya ndi kabudula wamkati wofika m'mapazi. Chapakati chikhale juzi yaubweya. Chakunja chikhale jekete ndi thalauza zosalowa madzi ndi mphepo. Nsalu ya thonje, kuphatikizapo jinzi, ndi yoipa kumeneku chifukwa ikanyowa ndi thukuta kapena mvula imasunga chinyeziko pakhungu n'kumakuziziritsani tsiku lonse. Onjezani chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi mapeyala awiri, masokosi aubweya ndi jombo zosalowa madzi zokhala ndi mpata woti zala zizitakataka, pakuti nsapato yothina imaziziritsa phazi. Ambulera musavutike nayo, mphepo idzaithyola.

Chinthu chaching'ono chimene alendo ambiri amachiiwala ndi timinga tachitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato. Timagulitsidwa m'masitolo a ku Reykjavík, ndipo popanda timeneti kuyenda pafupi ndi mathithi, pamene nthunzi ya madzi imaundana pansi, ndi kudziika pangozi yothyoka mkono. Zovala zolemera zimathekanso kubwereka mumzindamo, zomwe ndi zanzeru kwa munthu amene sadzazivalanso akabwerera kwawo.

5. Ganizani mofatsa ngati muyendetse nokha

Apa mpofunika kudziuza zoona. Ku Iceland amayendetsa kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere kwa galimoto, ndipo inu mukhala mukuphunzira zimenezi pamsewu woterera, mumdima, mphepo ikukankha galimoto cham'mbali. Ngati simunayendetsepo pa madzi oundana, njira yabwino ndi kugona ku Reykjavík n'kumakwera mabasi a makampani oyendetsa alendo, amene ali ndi maulendo a tsiku limodzi komanso a masiku awiri kapena atatu a kugombe la kum'mwera. Madalaivala awo amaidziwa misewu, ndipo nyengo ikaipa amasintha tsiku kapena kubweza ndalama.

Mukasankha kubwereka galimoto, tengani yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo tsimikizani kuti matayalawo ndi a misomali, amene amaloledwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pakati pa Epulo. Makampani amafuna laisensi imene mwakhala nayo kwa chaka chimodzi kapena kuposa. Funsani bwinobwino zimene inshuwalansi yawo silipira, chifukwa nthawi zambiri chitseko chopindidwa ndi mphepo sichikhalamo, ndipo kuwonongeka kwa penti ndi magalasi chifukwa cha mchenga ndi phulusa la mapiri kumafuna inshuwalansi yapadera. Poimika galimoto, iyang'anitseni kumene mphepo ikuchokera, ndipo potsegula chitseko chigwireni ndi manja awiri.

Malamulo a pamsewu ndi awa: nyali ziziyaka usana ndi usiku, aliyense amange lamba, liwiro lisapose makilomita 50 pa ola m'tauni, 80 pamsewu wamiyala ndi 90 pamsewu watala. Manambala amenewa ndi a tsiku labwino. Pa madzi oundana muyenera kutsika kwambiri, kusiya mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo, ndi kuponda mabuleki pang'onopang'ono musanafike pokhota. Milatho yambiri ya kum'mwera ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo amene wayamba kufika ndiye amadutsa. Misewu ya m'mapiri a mkatikati, imene nambala yake imayamba ndi F, imakhala yotseka nyengo yonseyi, ndipo kuyendetsa kunja kwa msewu ndi mlandu wa chindapusa chachikulu. Chikwangwani cholembedwa kuti Lokað chikutanthauza kuti msewu watsekedwa, pamene Ófært chikutanthauza kuti sungadutsike.

6. M'mawa uliwonse, musanatuluke, onani masamba atatu a pa intaneti

Gawo ili ndilo mtima wa malangizo onsewa. Tsamba loyamba ndi vedur.is, la nthambi yoona zanyengo ya dzikolo. Musathamangire kuona madigiri. Yambani ndi mphepo, imene amaiyeza m'mamita pa sekondi. Kuti mupeze makilomita pa ola, chulukitsani nambalayo ndi 3.6, kotero kuti mphepo ya mamita 20 pa sekondi ndi ya makilomita 72 pa ola. Ikapitirira 15 kuyendetsa kumayamba kuvuta, ndipo ikafika 20 mlendo alibe chifukwa chokhalira pamsewu, makamaka m'munsi mwa mapiri a Eyjafjöll ndi m'dera la Öræfi, kugombe la kum'mwera, kumene mphepo imatsika m'phiri mwadzidzidzi ndi mphamvu yoposa imene yalengezedwa. Machenjezo ali pa mitundu itatu: wachikasu, wa olenji ndi wofiira. Pa wachikasu fupikitsani ulendo kapena usintheni, pa wa olenji ndi wofiira khalani pamene muli. Msodzi wanzeru wa ku Nyanja ya Malawi salowetsa bwato m'madzi mwera ukamawomba, ngakhale atamva kuti usipa wachuluka, ndipo mtima womwewo ndi umene ukufunika pano.

Tsamba lachiwiri ndi umferdin.is, la bungwe loyang'anira misewu la Vegagerðin, limene limaonetsa msewu uliwonse ndi mtundu wake: wobiriwira ndi wodutsika bwino, wabuluu ndi woterera, wofiira ndi wosadutsika. Lilinso ndi makamera oonetsa mmene msewu ulili nthawi yomweyo, ndipo mungathe kuimba 1777 kuti mufunse. Samalani kwambiri ndi chitunda cha Hellisheiði, chimene msewu waukulu umakwera mukangotuluka mu Reykjavík kulowera kum'mawa, chifukwa chimatsekedwa kawirikawiri ngakhale mumzinda kuli bata.

Tsamba lachitatu ndi safetravel.is, la gulu la opulumutsa anthu la Landsbjörg, amene amagwira ntchito yawo mongodzipereka. Pamenepo mumalemba kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekezera kufika, kuti mukasowa adziwe koyambira kufufuza. Nambala ya ngozi iliyonse ndi 112. Musalole mafuta kutsika kupitirira theka la thanki, ndipo m'galimoto muzikhala madzi, chakudya, tochi ndi chotchajira foni. Chipale chofewa chikamauluzika mpaka msewu osaoneka, tsatirani timitengo tachikasu tonyezimira ta m'mbali mwa msewu kufikira mutapeza malo oimapo. Mukatitimira, khalani m'galimoto momwemo, imbani 112, ndipo ngati mukuliza injini kuti mufunde, onetsetsani kuti paipi yotulutsa utsi sinatsekeke, popeza utsi wobwerera mkati umapha mwakachetechete.

7. Yalani ulendo waufupi, wokhala ndi tsiku lopanda chochita

Msewu waukulu wozungulira chilumba chonse, wa nambala 1, ndi wa makilomita opitirira 1,300, ndipo kuuzungulira m'nyengo yozizira pa sabata imodzi ndi kufuna mavuto. Pa masiku 7, gombe la kum'mwera ndi lokwanira. Tsiku loyamba pumulani ku Reykjavík, muyese zovala zanu pokwera nsanja ya tchalitchi cha Hallgrímskirkja ndi kuyenda kudoko. Tsiku lachiwiri zungulirani malo atatu otchuka amene amatheka pa tsiku limodzi. Ku Þingvellir, kumene nyumba ya malamulo ya Alþingi inayamba kukumana m'chaka cha 930, mumayenda m'mng'alu wa miyala umene unabwera chifukwa cha kutalikirana kwa zigawo ziwiri zija. Ku Geysir, kasupe wa Strokkur amaponya madzi owira m'mwamba mamita 15 mpaka 20 pa mphindi 5 mpaka 10 zilizonse. Imani kumene mphepo ikuchokera ndipo musadumphe zingwe. Mathithi a Gullfoss amagwa mamita 32 m'magawo awiri, ndipo kanjira kotsikira pafupi kamakhala kotseka nthawi zambiri m'miyezi imeneyi.

Kuchokera apo lowerani kum'mawa, mudzere pa mathithi a Seljalandsfoss ndi Skógafoss, onse aatali mamita pafupifupi 60, n'kukagona ku Vík, makilomita pafupifupi 185 kuchokera ku Reykjavík. Pafupi ndi Vík pali gombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, lokongola koma limene lapha alendo angapo. Nyanja imatha kuoneka yodekha, kenako funde limodzi n'kukwera kutali kumtunda kuposa ena onse, kumugwetsa munthu n'kumukokera m'madzi ozizira mmene palibe angamutsatire. Polowera pali nyali zochenjeza zimene muyenera kuzimvera, ndipo musaifulatire nyanja pojambula chithunzi. Dziwe la Jökulsárlón, mmene zibuma za ayezi zimayandama polowera kunyanja, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 380 kuchokera ku Reykjavík, choncho kupita ndi kubwerera tsiku limodzi nokha n'kosayenera. Gonani ku Kirkjubæjarklaustur kapena ku Höfn. Posungitsa malo ogona, sankhani olola kusintha tsiku popanda kulipira.

8. Pa madzi oundana a m'mapiri, pitani ndi wotsogolera

Vatnajökull ndi chimulu cha ayezi chimene chimakuta pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a dziko lonselo. M'chilimwe madzi osungunuka amaboola ngalande pansi pake, ndipo kukazizira ngalandezo zimauma n'kusanduka mapanga obiriwira ngati thambo, amene amalowedwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mapangawa amasintha chaka ndi chaka, ndipo otsogolera ndiwo amayang'ana tsiku lililonse ngati denga lake ndi lolimba. Mu Ogasiti 2024 khoma la ayezi linagumuka ku Breiðamerkurjökull, mbali ina ya Vatnajökull, n'kupha mlendo mmodzi, choncho wotsogolera akanena kuti lero kwafunda kapena kwagwa mvula yambiri ndipo simulowa, musakangane naye. Maulendo ambiri a kumapanga amanyamukira ku Jökulsárlón, pamene oyenda pamwamba pa ayezi amanyamukira ku Skaftafell ndi ku Sólheimajökull. Chisoti ndi minga ya nsapato amakupatsani okha, koma jombo zolimba zofika m'kakolo mubwere nazo. Sungitsani malo masabata angapo ulendo usanafike.

9. Kusaka aurora

Kuwala kumeneku kumachitika pamene tizinthu tochokera kudzuwa tawombana ndi mpweya wa m'mwamba, pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposa, ndipo kumaoneka kuyambira Seputembala mpaka pakati pa Epulo. Pamafunika mdima, thambo lopanda mitambo, ndi mphamvu yokwanira yochokera kudzuwa, imene amaiyeza pa sikelo ya 0 mpaka 9. Ku Iceland ngakhale 2 kapena 3 amakwanira, choncho chimene chimalepheretsa anthu ambiri ndi mitambo. Pa mapu a aurora a pa vedur.is, malo obiriwira ndi a mitambo ndipo oyera ndiwo opanda mitambo. Alendo ambiri amawerenga mapuwa mozondoka. Pitani kutali ndi magetsi a m'tauni pakati pa 9 koloko usiku ndi 1 koloko m'bandakucha, ndipo ngati mulibe galimoto, kunsonga ya Grótta kumadzulo kwa Reykjavík kumakhala mdima wokwanira. Yesani usiku woyamba womwe thambo layera, osadikira womaliza, ndipo dziwani kuti makampani ambiri amakutenganinso ulele ngati simunaone kanthu. Maso amaona kuwalako motuwa kuposa mmene kamera imaonetsera. Ikani kamera kapena foni pa chinthu chosagwedezeka, ijambule kwa masekondi angapo, ndipo mabatire muwasunge m'thumba lamkati chifukwa chisanu chimawamaliza msanga. Musaime pakati pa msewu kapena kuzimitsa nyali mukuyenda.

10. Za mapiri ophulika

Chigawo cha Reykjanes, kumene kuli bwalo la ndege, chinakhala chete zaka pafupifupi 800 mpaka pamene Fagradalsfjall linaphulika mu Malichi 2021. Mu Novembala 2023 anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa, kuyambira Disembala chaka chomwecho nthaka inang'ambika mobwerezabwereza kumpoto kwa tauniyo, ndipo mu Januwale 2024 chiphalaphala chinatentha nyumba zitatu. Kuphulika kwa mtundu umenewu sikutulutsa phulusa lambiri ngati kuja kwa Eyjafjallajökull mu 2010, kumene kunaimitsa ndege ku Ulaya, choncho ndege zapitiriza kutera ku Keflavík. Choopsa kwa mlendo ndi mpweya wapoizoni umene umasonkhana m'zigwa kukakhala bata, ndiponso chiphalaphala chimene chimada pamwamba mkati mukadali moto. Apolisi akatseka dera, latsekedwa. Akalitsegula, yendani m'njira zoikidwa zizindikiro zokha, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu.

11. Kusamba, kudya ndi kubwerera

Kutentha kwa pansi pa nthaka ndiko kumafunditsa nyumba 9 mwa 10 zilizonse, ndipo pafupifupi tauni iliyonse ili ndi dziwe losambiramo la madzi ofunda, lapanja, lotsegula ngakhale chipale chofewa chikugwa. Blue Lagoon ndi yotchuka koma yokwera mtengo, imafuna kusungitsiratu malo, ndipo yatsekedwapo kangapo chifukwa ili pafupi ndi Grindavík. Maiwe a boma monga Laugardalslaug ndi Sundhöllin ku Reykjavík ndi otsika mtengo kwambiri, ndipo ndi kumene eni dziko amakacheza. Lamulo lake ndi lakuti musambe thupi lonse ndi sopo, mutavula zonse, musanavale chosambira. Amuna ndi akazi ali ndi zipinda zosiyana, ndipo amene akuchita manyazi afunse ngati pali bafa lotchinga. Madzi ozizira a pampopi ndi abwino kumwa, koma otentha amanunkha sulufule m'madera ambiri, choncho musaphikire tiyi.

Kudya m'malesitilanti katatu pa tsiku kungakumalizireni ndalama. Gulani zakudya m'masitolo a Bónus kapena Krónan, ndipo mukafuna chakudya cha komweko yesani kjötsúpa, msuzi wa nyama ya nkhosa ndi masamba, kapena plokkfiskur, nsomba yophwanyira pamodzi ndi mbatata ya kachewere. Nyama ndi mkaka zochokera kunja kwa Ulaya siziloledwa kulowa m'dzikolo.

Usiku womaliza gonani ku Reykjavík kapena ku Keflavík, ndipo mukhale mutafika kumeneko kutatsala tsiku lathunthu, chifukwa msewu wa kum'mwera ndi umodzi wokha ndipo ukatsekedwa palibe njira yolambalala. Thirani mafuta odzaza, jambulani galimoto mbali zonse poibweza, ndipo ngati munagula katundu wokwera mtengo monga juzi yaubweya ya lopapeysa, tengani fomu yobwezera msonkho kusitolo komweko kuti mukaipereke pabwalo la ndege musanapereke zikwama.